Gulu la banja: Ulendo wa Amayi ku Vilankulo

Madalitso (Joni): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya Amayi ija tiimalize lero. Januwale akubwerayu akukwanitsa zaka 70, ndipo chimene apempha n'chimodzi, kuona nyanja yamchere. Mukukumbukira zigoba za nkhono zimene Abambo ankabwera nazo kuchokera ku Beira nthawi imene ankayendetsa thiraki? Ankawalonjeza kuti tsiku lina adzawatenga, mpaka anatisiya. Ine maganizo anga ndi Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Ukaima pagombe, zilumba za Bazaruto umaziona poteropo.

Tiyamike (Blantyre): Zigobazo zilipobe achimwene, zili m'kabati ya mbale. Amazipukuta Loweruka lililonse. Ine ndavomera. Tipite pa Khrisimasi ana atatsekera?

Amalume (Tete): Disembala ayi, ana anga. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe kugombe uko, komanso kumatentha koopsa. Freddy uja asanabwere kudzatipweteka ku Malawi mu Malichi 2023, anayamba walowa kumtunda pafupi ndi Vilankulo yemweyo pa 24 Febuluwale. Mu 2007 namondwe Favio anasasula madenga m'tauni momwemo. Achemwali anga sindingawalole kukwera bwato nyengo imeneyo.

Tiyamike (Blantyre): Zoona amalume. Chichokereni cha Freddy, mvula ikangolimba usiku Amayi sagona, amakhala tsonga mpaka m'mawa.

Amalume (Tete): Ndiye tipite mu Ogasiti. Kumakhala kozizira bwino, mvula kulibe, ana ali pa holide. Ndi nthawinso imene anamgumi amadutsa m'madzi amenewo.

Azakhali (Dedza): Ine vuto langa ndi msewu. Alamu anga miyendo imatupa akakhalitsa m'galimoto. Ndi kutali bwanji?

Amalume (Tete): Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,000, ndiye ndi masiku awiri, osathamanga. Mutulukire pa Mwanza, mulowe pa Zóbuè, mudzanditenge kuno ku Tete. Tikaoloka Zambezi tidzera ku Changara ndi Catandica, n'kukagona ku Chimoio. M'mawa mwake pa Inchope tikhotera kummwera mumsewu wa EN1, kudutsa Muxúnguè, kuoloka mtsinje wa Save, mpaka pa Pambarra pamene pali mphambano ya ku Vilankulo. Chigawo cha Inchope mpaka Save chimavuta ndi maenje, sitiyendamo usiku. Tiziima pafupipafupi achemwali aziwongola miyendo.

Madalitso (Joni): Ine ndi mayi a Chikondi tikwera ndege ya Airlink kuchokera ku Johannesburg, imakatera ku Vilankulo konko. Malo ogona ndilipira ine kuchokera kuno ndi ma rand, kuti inu musavutike kusaka ndalama zakunja kumudziko. Inu musonkhe ya mafuta ndi chakudya.

Limbani (Lilongwe): Minibasi yanga ndipereka, ndiyendetsa ndekha. Amalume, pachipata akufuna chiyani?

Amalume (Tete): Mapasipoti a aliyense, ana omwe, onani ngati sanathe. Mapepala a galimoto, chiphaso cholowetsera galimoto kwakanthawi, ndi inshulansi ya ku Mozambique imene umagula pachipata pomwepo. M'galimoto mukhale matirayango awiri ndi jekete yonyezimira ija, apolisi apamsewu amafunsa zimenezo. Ma metical ndikusinthirani ine. Chiyankhulo musade nkhawa, kuno Chinyungwe mumva ndithu, tikapitirira ndiziyankhula Chipwitikizi.

Azakhali (Dedza): Nanga kuchilumbako? Munthu wamkulu akwera bwanji bwato? Tingokhala naye pagombe, ana apite okha.

Tiyamike (Blantyre): Azakhali, ndinawafunsa dzulo tikusenda mbatata. Anaika mpeni pansi, amvekere, "Ndinakwerapo Ilala kupita ku Likoma ndili ndi pakati pa Limbani, ndiye ndiope lero?" Akufuna kupondako ndithu. Tisawamane.

Chikondi (Joni): Agogo akunena zoona! Ndafufuza, azakhali aakulu. Zilumba zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono kotchedwa Bangué. Chapafupi ndi Magaruque, anthu amapita m'mawa n'kubwerako madzulo. Zilumbazo zinachita kutchinga mafunde aakulu a kunyanja yakuya, ndiye pakati pa izo ndi tauni madzi ndi odekha. Ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuchokera mu 2017 akuthandiza kuyang'anira ndi a African Parks, omwe aja a ku Majete ndi Liwonde. Pali ndalama yolowera pa munthu aliyense. Kulinso nyama yosowa yotchedwa dugong, imadya udzu wa pansi pa nyanja.

Amalume (Tete): Wachita bwino mdzukulu. Koma mudziwe ichi: nyanja iyi si ya ku Mangochi. Madzi amaphwa n'kubwereranso kawiri pa tsiku. Akaphwa, mchenga umaonekera mtunda wautali, mabwato n'kugona cham'mbali pouma, amayi akutola nkhono ndi nkhanu pamene m'mawa panali madzi ofika m'khosi. Choncho nthawi yonyamuka amanena ndi mwini bwato. Timuuze kuti tili ndi gogo, atinyamule madzi atadzaza, bwato lifike pafupi asayende m'matope.

Limbani (Lilongwe): Kukwera ndiwanyamula ine. Koma majekete oyandamitsa akhale okwanira tonse, a ana omwe, tiwaone ndi maso tisanalipire. Kukachita mphepo tsikulo, tidikire mawa lake. Tisiye tsiku limodzi lapadera chifukwa cha zimenezo.

Azakhali (Dedza): Chabwino, ndagonja. Ine nditenga ufa, mbaula ndi maneti a udzudzu, malungo aliko kugombe. Alamu sagona osadya nsima.

Amalume (Tete): Nsima iliko mlamu, amaitcha xima. Mudzalawenso matapa, ndi chigwada chomwechi koma chophika ndi kokonati ndi nsinjiro, ena amaikamo nkhanu. Ufa tengani ndithu, wa kwathu ndi wa kwathu.

Madalitso (Joni): Tagwirizana: sabata yachiwiri ya Ogasiti, masiku anayi kunyanja, awiri kupita, awiri kubwera. Zosonkha zizipita kwa Tiyamike pakutha pa mwezi uliwonse kuyambira uno. Tiya, pasipoti ya Amayi uione lero.

Tiyamike (Blantyre): Ndaiona, inatha chaka chatha. Lolemba ndipita nawo kukayambitsa yatsopano. Ndawawerengera zonse mwalembazi. Akuti ndiwasakire chipewa chachikulu ndi kabotolo kotseka bwino, akufuna akatunge madzi amcherewo adzathire pamanda a Abambo.