Za nambala yanga ya foni ija, ndabwerako kusitolo

Masabata awiri apitawo ndinafunsa ngati sitolo ina ya pa boma pano pa Mangochi, komwe ndinatenga sola pangongole, ili ndi ufulu wopereka nambala yanga kwa makampani obwereketsa ndalama. Mauthenga awo ankandipeza ngakhale m'bandakucha, ndili kunyanja kudikira usipa.

Zikomo inu amene munandiuza za lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi. Limalola munthu kubweza chilolezo chimene anapereka, komanso kukana kuti nambala yake azitsatsirapo malonda.

Lolemba ndinapitako ndi kalata yolemba pamanja. Mtsikana wa pakauntala atatulutsa fomu yanga, ndinaona kuti kabokosi kovomereza kugawa nambala kanachongedwa ndi bolopeni yakuda, pomwe ine ndinasaina ndi yabuluu. Zinandiwawa kwambiri. Bwana wawo anangoti, "Pepani mayi, tichotsa lero lomwe." Sindinatuluke mpaka atadinda ndi kusaina kope langa la kalatayo.

Mauthenga achepa ndithu, koma kampani imodzi ikutumizabe. Mawa ndiwalembera nawonso, ndipo akapanda kusiya pofika kumapeto kwa mwezi ndikadandaula ku MACRA.