Kodi "liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi" agogo ankanena ndani?

Akuluakulu odziwa miyambi, ndithandizeni. Loweruka lapitali agogo anga aamuna anaponya mwambi kwathu kuno ku Chitakale, ndipo mpaka lero ukundizungulira m'mutu: "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi." Kusukulu tinauloweza, pa mayeso n'kumalemba kuti ukutanthauza kuchita zinthu pa nthawi yake anzako asanakusiye. Koma mmene agogo anaunenera, ndikuona ngati kunsi kwake kuli zina.

Zinayamba chonchi. Achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, abwera kutchuthi ndi maganizo ogulira banja galimoto yaikulu. Pakhomo tilipo ambiri, moti kukagwa maliro kapena chinkhoswe ku Bvumbwe kwawo kwa alamu timachita kupanga hayala minibasi. Zogulazo tonse tinavomereza. Mkangano unabuka pa mtundu wake. Ine ndinkati Noah kapena Voxy, za injini ya malita 2.0, zomwe amakaniko a ku Limbe anazizolowera. Achimwene mtima uli pa Vellfire ya injini yaikulu ya V6, malita 3.5. Akuti galimoto ya banja isamakhale ngati ngolo, ndipo akanakonda opanga magalimoto akanatulutsa ina yaukali kuposa pamenepo. Kenako anati, "Ngakhale tinyamuke mochedwa, pofika pa Thyolo boma tidzakhala titawadutsa onse."

Agogo anali pakhonde akukonza mkombero wa dengu lawo lakale, lomwe ankathyolera tiyi kuesiteti. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangonyowetsa kansungwi ndi malovu, n'kukalowetsa, n'kunena mwambiwo. Achimwene anaseka, ine ndinangoti duu.

Tsono funso langa ndi ili: mchengawo ukuimira chiyani, ndipo "limodzi" ameneyu ndi limodzi ndi ndani? Kodi agogo ankadzudzula liwiro, kapena kuchedwa?

Yankho lochokera ku Luchenza:

Mwana wanga, ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri ndipo mwambi umenewu ana amausokoneza ndi uja wakuti "kuthamanga sikufika". Si amodzi ayi. Wa kuthamangawo umaletsa phuma. Wa mchengawu suletsa kuthamanga, umangokuuza kuti pali malo ena pomwe mphamvu sizibweza nthawi imene wataya. Pita pa Thuchila mwezi wa October madzi ataphwera, ukaone ana akuthamangitsana. Phazi likaponda limamira, ukati udumphe chidendene chimabwerera m'mbuyo. Pamsewu wouma mnyamata wa miyendo yaitali akhoza kumusiyira mnzake mtunda n'kumupezabe. Mumchenga ayi. Amene wakutsogolera mapazi khumi adzakutsogolerabe mpaka kutsidya, chifukwa ukamalimbikira kwambiri ndi pomwe ukudzikumbira.

Makolo ankaunena kwambiri pa ulimi. Mvula yoyamba ikagwa iwe n'kumati ndibzala sabata yamawa poti ndili ndi feteleza wambiri, chimanga cha mnzako chidzamasula ngayaye chako chili m'mawondo. Agogo akowo sanadane ndi galimoto. Anamva mawu akuti "ngakhale tinyamuke mochedwa", ndiwo anawabaya.

Yankho lochokera ku Thyolo:

Aphunzitsi alongosola bwino, ine ndiwonjezerepo za kugalaja poti ndi kumene ndimadyera. Mchenga wa agogowo ndi msewu wathu womwewu wa M2. Kuchoka ku Mulanje kudzafika ku Limbe mudutsa misika ingati? Pa malo a malonda lamulo ndi makilomita 50 pa ola, ndipo tsiku la msika pa Bvumbwe ngakhale 50 yomweyo simungaione. Pali akabaza, ana asukulu, amayi osenza nthochi, mathirakitala okoka masamba a tiyi. Onjezani makona a m'mitunda ya Thyolo ndi chiperoni cha mu June ndi July, chija chimabisa ngakhale galimoto ili patsogolo panu. V6 idzathamangira pati?

Chimene ambiri saganizira ndi kuima. Vellfire payokha imalemera pafupifupi matani awiri. Ikanimo anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, thumba la ufa ndi nkhuku za kuchinkhoswe, mwawonjezera theka la tani. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woti muimire umawirikiza kanayi. Pa mtsetse wautali mabuleki amatentha, mumamva fungo lopserera, phazi n'kuyamba kulowa pansi. Galimotoyo ndi yaitali msinkhu, pakona imapendekera kunja, agogo ali kumbuyo n'kumagwira mpando ndi manja awiri. Ndipo mukaipatutsira m'njira za kumudzi, ndi yotsika pamimba, zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo okha. Ikatitimira mumchenga weniweni, kuponda mafuta n'kuikwirira. Timaitulutsa pophwetsako matayala pang'ono, anthu onse atsike akankhe.

Musaiwalenso kuti msonkho wa MRA umakwera injini ikamakula, ndipo petulo wa malita 3.5 si wa malita 2.0.

Yankho lochokera ku Muloza:

Koma tisawaweruze msanga achimwenewo. Ndinayendetsapo Sienta ya malita 1.5 itadzaza, pamtunda ndili kumbuyo kwa lole, ndikufuna kudutsa koma galimoto ikungolira osasuntha. Pamenepo mphamvu ndi chitetezo, chifukwa nthawi imene umakhala mbali ya anzako imachepa. Injini yaikulu pa galimoto yaikulu si misala.

Chomwe ndikukayika ndi chiyembekezo chawo chakuti kudzabwera ina yaukali kwambiri. Opanga magalimoto anayesapo kale. Renault mu 1994 inaika injini ya mpikisano wa Formula 1 mu galimoto yake ya banja ya Espace, koma inali yongoonetsa, sinagulitsidwe. Opel inatulutsa Zafira OPC mu 2001, ya mipando isanu ndi iwiri ndi turbo, pambuyo pake inaisiya. Mercedes inapanga galimoto ya banja ya R63 AMG, ya injini ya V8 ya malita 6.2 yoposa 500 horsepower, ndipo sinakhalitse pamsika chifukwa ogula anali ochepa zedi. Munthu wofuna liwiro safuna mipando yambiri, ndipo wa mipando yambiri ndalama zake zimathera ku fizi. Toyota inaphunzirapo: Noah ndi Voxy za mtundu wooneka ngati wa mpikisano wa GR Sport, zomwe zinatuluka mu 2017, anazilimbitsa thupi ndi masipuling'i, anasintha matayala ndi maonekedwe, koma injini anaisiya yomweyo. Vellfire yatsopano ya 2023 ilibenso V6, anaikamo turbo ya malita 2.4 kapena hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi. Ndiye ngati achimwenewo akudikira chilombo chochokera ku Japan, ine ndikuona kuti kumene zinthu zikulowera n'kosunga mafuta ndi kukhala mwawofuwofu kumbuyo.

Mwini funso:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Aphunzitsi, kusiyanitsa kwanu miyambi iwiri ija kwandithandiza kwambiri, chifukwa ine ndinkangoti agogo akuletsa kuthamanga. A ku Muloza, mfundo ya kudutsa lole ndaimva ndipo ndaiuza achimwene kuti pamenepo ali ndi mboni.

Komabe mawu akuti "limodzi" sanandichokebe. Dzulo madzulo ndinakhala nawo agogo pamkeka n'kuwafunsa mwachindunji. Sanandimasulire mwambi, akuti mwambi womasulira mwini wake ndi ndiwo zopanda mchere. M'malo mwake anandikumbutsa za maliro a mchemwali wawo chaka chatha. Tsiku limenelo theka la banja linanyamuka m'mamawa pa minibasi, ena tinatsalira kudikira galimoto ya mnzathu yomwe ankati imathamanga. Tinanyamuka dzuwa litakwera, tinapeza ngozi ya lole itatseka msewu, ndipo tinafika anthu akuchokera kumanda. Agogo anali m'gulu lathu lochedwalo. Mchemwali wawo womaliza sanamuone nkhope. Pondiuza zimenezi anasiya dengu lija, manja ali pamawondo, akuyang'ana kuphiri komwe mitambo inali itaphimba Sapitwa.

Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa ine ndi amene ndinawakakamiza tsiku lija kuti adikire galimoto yabwino m'malo mopanikizana mu minibasi.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti kwa agogo "limodzi" si kungoyamba nthawi yofanana ndi opikisana nawo, monga tinkalembera pa mayeso. Akunena ife eni ake, kuti banja lidzuke pamodzi, likwere pamodzi, pasakhale wotsala pokhulupirira injini. Galimoto yaikulu akuifuna kuposa tonsefe, koma akuifunira mipando.

Ndiye aphunzitsi, ndibwererenso kwa inu: kodi kumasulira kotereku makolo ankakudziwa, kapena ndi agogo okha aupinda mwambiwu kuti ukwane chilonda chawo? Ndipo achilomwe anzanga a ku Phalombe ndi kuno ku Mulanje, ngati pali mwambi wofanana nawo m'chinenero cha makolo athu, ndilembereni mmene umanenedwera. Ndikufuna ndikawauze agogo achimwene asanabwerere Lachisanu, poti nkhani ya galimotoyi tikaimaliza Lachinayi usiku tonse tili pakhonde.