Ku Dedza kuli pafupi ndi ikweta kuposa Nsanje, nanga bwanji kumazizira?

Malume_aKuBangwe
Abale ndithandizeni, mphwanga wa Fomu 1 wandigwira pakhosi usiku uno. Mu notsi zake za jogalafe analemba kuti ukamayandikira ikweta ndiye kumatentha kwambiri, ndiye watenga mapu nkundiwonetsa kuti Dedza ili kumpoto kwa Nsanje, pafupiko ndi ikweta, akuti nanga bwanji ku Dedza anthu amagona ndi mabulangete awiri pomwe ku Nsanje amagona pakhonde? Ine sukulu ndinasiya kale, ndangomuuza kuti ndiyankha mawa batire yatha. Musandichititse manyazi chonde.

MadamGeo
Hahaha a malume, mwanayo ndi wochenjera, musamukalipire. Notsizo sizinaname koma zangonena theka. Dziko lathu lonse lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta, Dedza cha pa 14, Nsanje cha pa 17, ndiye kusiyana kwa madigiri atatu okha ndi kochepa zedi, sikungasinthe zambiri. Chimene chikulamula apa ndi kukwera kwa malo. Boma la Dedza lili mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa levulo ya nyanja yamchere pomwe Nsanje safika ndi 100 yomwe. Lamulo lake ndi lakuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6.5 kapena chapompo. Muuzeni awerengere yekha, mamita 1,500 akusiyanawo apeza madigiri pafupifupi 10. Ndi amenewo mabulangete awiri aja.

Chitsanzo chomwe ndimakonda mkalasi ndi Kilimanjaro ku Tanzania, ili madigiri 3 okha kuchokera pa ikweta koma pamwamba pake, mamita 5,895, pali ayezi.

Chule_Wapamsewu
Koma madam apa ndiye mwandisokoneza, paphiri si ndiye uli pafupi ndi dzuwa? Ukayandikira mbaula umamva kutentha osati kuzizira

MadamGeo
Achimwene dzuwa lili makilomita 150 miliyoni, kukwera Sapitwa mamita 3,002 kuli ngati nyerere yakwera pachulu nkumati yayandikira mwezi. Mbaula yeniyeni ndi nthaka. Dzuwa limawotcha nthaka kaye kenako nthakayo ndi imene imatenthetsa mpweya kuchokera pansi. Komanso kumwamba mpweya ndi wopepuka, palibe zambiri zoupsinja, ndiye ukamakwera umatakasuka nkumazizira. Yesani kuphwetsa tayala la njinga muike chala pa valavu, mpweya wotulukawo mumva kuti ukuzizira, ndi zomwezo basi.

Dalaivala_waMinibasi
Ine za madigiri sindikudziwa koma izi ndimaziona daily. Kunyamuka mu Blantyre mmawa wa mu Juni anthu avala majuzi ena zipewa zaubweya mawindo otseka, tikangoyamba kutsetsereka mapiri aja kulowera ku Thabwa makutu amatseka kaye, pofika pa mlatho wa Shire pa Chikwawa aliyense wavula juzi akukuwa kuti kondakitala tsegula windo tikupsa. Ulendo wosakwana ndi ola limodzi ndi theka lomwe. Pobwerera injini ndi imene imavutika, anthu ayambanso kufunafuna majuzi mzikwama

NaBanda_waKuThyolo
Muonjezereponso za mphepo a malume, poti mayeso amakonda kufunsa. Kwathu kuno miyezi ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kosaleka ndi chifunga choti galimoto imayatsa magetsi masana, zovala pachingwe masiku atatu osauma mpaka kununkha chinyontho. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique chifukwa mitamboyo imatulukira mbali imeneyo. Ndi mpweya wonyowa wochokera ku nyanja ya Indian, ukagunda mapiri a Mulanje ndi Thyolo umakakamizika kukwera, uzizira, nthunzi isanduka mitambo nkugwa. Ukamatsikira kuchigwa umakhala wafinyidwa kale madzi, ukutenthanso. Nchifukwa chake tiyi ali kuno, thonje ndi mapira zili ku Chikwawa ndi Nsanje, kachewere ku Dedza ndi Ntcheu. Mzimbe za ku Nchalo musazione kubiriwira, zimamwa madzi a mu Shire zija osati mvula.

MadamGeo
Eya mayi mwalasa. Kungoti mwanayo asasakanize, chiperoni si mvula yadzinja ayi, yadzinja ija imabwera Novembala mpaka Epulo dzuwa likakhala pamutu pathu ndipo mphepo zikukumana. Imeneyo ndi topiki ina, aifika.

Malume_aKuBangwe
Zikomo nonse, ndakopera zonse papepala ndipo tayala la njinga ndaphwetsa kale kuyeserera, mpope ndilibe. Vuto ndi lakuti wadzuka ndi lina, akuti bwanji mayi ake ku Johannesburg nthawi ndi yofanana ndi yathu koma ankolo ake ku London amatsalira maola awiri, nthawi zina limodzi. Madam musachoke pa intaneti.