Funso: kupeza mapepala a IEEE Xplore munthu ali kunja kwa yunivesite

Akuluakulu, makamaka inu ogwira ntchito ku laibulale ndi inu ofufuza zamagetsi ndi makompyuta, ndithandizeni maganizo.

IEEE Xplore, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku a bungwe la IEEE, imazindikira yunivesite poona IP address (nambala ya netiweki imene munthu akugwiritsa ntchito). Munthu akakhala pa netiweki ya pasukulu, PDF imatseguka bwinobwino, koma akangotuluka ayenera kudzera pa EZproxy (proxy, kapena kuti khomo la laibulale lomwe limaonetsa ngati munthuyo ali pasukulu) kapena Institutional Sign In (kulowa ndi akaunti ya sukulu). Vuto limabwera akadina DOI (linki yokhazikika ya pepala) kuchokera ku Google Scholar kapena DBLP, masamba ofufuzirapo mapepala. Linkiyo imalunjika ku IEEE osadzera pa proxy, ndiye tsamba limamuuza kuti agule pepala lomwe sukulu inalipira kale. Chodalirika ndi chiti, kutsegula Library links (malinki odzera ku laibulale) mu Google Scholar kapena kusiyira Zotero Connector (kachida ka mu browser ka Zotero, pulogalamu yosungira ma reference) kuti izikhotetsa yokha maadiresi kudzera pa proxy? Zotero nthawi zina imasunga linki yokhala ndi dzina la proxy, ndipo ikalowa mu BibTeX (fayilo ya ma reference), wa kusukulu ina sangaitsegule.

Nkhani ina ndi arXiv, tsamba lomwe ofufuza amaikapo mapepala awo kwaulere. Mapepala amafika kumeneko asanaunikidwe, ndipo v1 (kope loyamba) imatha kusiyana ndi pepala losindikizidwa, ngakhale manambala a m'matebulo amene. Polemba, inu mumatchula pepala liti, la pa arXiv kapena losindikizidwa?

Za ACM, bungwe lina losindikiza mapepala a zamakompyuta, sizikundidetsa nkhawa, mapepala a 1951 mpaka 2000 anawatsegulira aliyense mu 2022. Ma standard a IEEE 802 (a za netiweki) amapezeka ulere pa GET Program ya IEEE pakatha miyezi 6 chisindikizireni. Nanga ena, monga IEEE 519 wa ma harmonics (zosokoneza mafunde a magetsi), mumawapeza bwanji laibulale ikakhala kuti inalipira majenolo okha?