Anthu amiyala pamashopu akale akunja, ndi ndani amenewa?

WaKuChibavi: Abale ndithandizeni, pa gulu la WhatsApp la kwathu kukuzungulira chithunzi cha shopu ya Tiffany ku New York, pamwamba pa khomo pali chimunthu chopanda malaya chasenza wotchi yaikulu pamapewa, ena akuti ndi zokhwimira bizinezi ena akuti zausatana basi mkangano osatha. Ndi ndani ameneyu ndipo akutani pashopu yogulitsa ndolo ndi mphete?

Mphunzitsi_Katoto: Zokhwimira ayi achimwene kkkk. Ameneyo ndi Atlas wa m'nthano za Agiriki, anali mbali ya ma Titan omwe anamenyana ndi Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki, nkuluza, ndiye chilango chake anamupatsa kuti azisenza thambo mpaka kalekale, thambo osati dziko ngati mmene ambiri amajambulira. Cha Tiffany chija anachisema ndi mtengo mu 1853, munthu wake Henry Frederick Metzler, ndipo shopu ikamasamuka ankasamuka nacho mpaka pa Fifth Avenue pomwe chili pano. Nthawi imeneyo ma wotchi apamkono kunalibe ngati lero ndiye anthu odutsa amayang'ana nthawi pamenepo nkuona dzina la shopu, kutsatsa malonda kumeneko.

NyaLuwinga: Koma aphunzitsi inu fano ndi fano basi, ine sindingagule pakhomo loti pali mulungu wachilendo.

Mphunzitsi_Katoto: Amayi palibe amene amagwadira zimenezo, omanga a m'ma 1800 ku Ulaya ndi ku America ankangokopera mamangidwe a Agiriki kuti nyumba izioneka yodula komanso yodalirika, kasitomala aziona kuti awa sathawa ndi ndalama mawa. Amene amapezeka kwambiri pamashopu ndi mabanki ndi Hermes, mulungu wa amalonda, mumuzindikira ndi mapiko kumapazi ndi pachipewa komanso ndodo yokulungidwa njoka ziwiri. Chosekesa nchakuti yemweyonso anali mulungu wa akuba, nanga eni mashopu ankaganizira zimenezo kaya. Ndipo mumamudziwa kale, Machitidwe 14 ku Lystra anthu anamutcha Paulo Hermes chifukwa ndiye ankayankhula kwambiri, Barnaba nkumutcha Zeus.

Chiputula_Boy: Ine amandisangalatsa ndi azimayi aja osenza denga pamutu m'malo mwa zipilala, amangokhala ngati amayi a nkhuni akutsika ku Kaning'ina. Otchuka kwambiri ndi a ku Athens pa kachisi wa Erechtheion, anali 6, mmodzi anamutenga Lord Elgin ali ku British Museum ku London ndipo Agiriki akulirabe kuti abwerere.

WaKuChibavi: Yewo chomene, ndikawauza. Nanga bwanji kuno kulibe?

Chiputula_Boy: Mzuzu ndi mwana wadzulo aise, inayamba ndi esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung cha m'ma 1947, kukhala mzinda 1985, fashoni ya zosemasema inali itatha kalekale. Olo Mandala House ku Blantyre ya 1882 ija ili ndi khonde chabe, chiboliboli ayi. Ife kwathu nkulemba penti pakhoma, wometa ajambule mitu itatu, wa butchala ajambule ng'ombe yonenepa kuposa yomwe wapha.