Utsi wa potcheza kachasu wandikwana, ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale anga. Ndimatcheza kachasu ku Bangwe, ndipo fizi ya ana imachokera pomwepa, choncho kusiya sindingathe. Vuto langa ndi utsi: maso amangokhala ofiira, chifuwa osatha.

Ndinasamutsira mafuwa panja, koma mvula ikabwera moto umazima mowa usanathe kudontha. Makala ndinayesa, phindu lonse linathera komweko, poti shuga naye wakwera ndipo omwa ambiri ndi angongole. Kuchipatala anangoti ndipewe utsi.

Ndimaphikira mu mgolo wa malita 200, paipi yake imadutsa m'madzi ozizira. Alipo amene anamangitsa chitofu cha njerwa chokhala ndi chumuni, choti n'kunyamula mgolo wotere? Mmisiri wake ndingamupeze kuti muno mu Blantyre? Nanga pa chitofu chotere mutu, mowa woyamba kudontha uja, umatulukabe waukali?