Bactrim wasiya kugwira kwa amayi anga, nditani?

Wofunsa, wa ku Ndirande:
Abale ndigawireni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 63, ndipo vuto la kuwotcha pokodza lakhala likuwabwerera chaka chonse chino. Usiku sagona, amangodzukadzuka wa kuchimbudzi, akafikako mkodzo wake timadontho chabe, wa mbuu komanso wonunkha. Kale akamwa Bactrim, pofika mawa lake ankakhala atapezako bwino. Pano amaliza mapilitsi onse koma ayi ndithu. Wa pa okala ina anawagulitsa makapisozi a amoxicillin, nawonso sanaphule kanthu. Dzulo ndinawapeza ali khale pamkeka atagwira kumsana cham'nthiti, nsima osaikhudza n'komwe. Kodi mankhwala a masiku ano ndi achinyengo, kapena thupi lawo lazolowera?

Wogwira ntchito ku labotale, Blantyre:
Pepani ndi matenda, achemwali. Thupi la amayi silinazolowere ayi, ndi tizilombo timene tasiya kumva mankhwala. Kawirikawiri matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa E. coli, yemwe amakhala m'matumbo mwa munthu aliyense. Akalowa m'njira ya mkodzo n'kukwera kuchikhodzodzo, ndiye kuwotcha kumene mukunenako. Kwathu kuno E. coli wambiri samvanso Bactrim ngakhale amoxicillin. Mankhwalawa tawamwa mopyola muyeso: chimfine Bactrim, m'mimba Bactrim, mpaka nkhuku timazisungunulira makapisozi m'madzi. Tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana, kenaka n'kumagawirana kulimbako ndi tinzake.

Zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa ngakhale ceftriaxone, jakisoni amene timamudalira m'mawodi, wayamba kulephera. Kafukufuku wa ku Queens amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti mu 2003 E. coli wa m'magazi a odwala wosamva mankhwala a mtundu umenewu sankafika 1 pa 100 aliwonse, koma pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100.

Mukapita kuchipatala pemphani urine culture. Kapepala koviika mumkodzo kaja kamangosonyeza kuti matenda alipo, sikanena mankhwala oyenera. Culture ndi pomwe timameretsa tizilomboto m'kambale, n'kuikapo timapepala ta mankhwala osiyanasiyana kuti tione amene akutipha. Zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu. Mkodzo apereke asanayambe mankhwala atsopano, ndipo woyambirira kutuluka autaye, atape wapakati. Zipatala zazing'ono zambiri sizichita zimenezi, ndiye funsani akutumizeni kumene amayeza.

Mayi wa ku Mangochi:
Asisi, amayiwo amachapa kapena kusamba kumtsinje? Kuno kunyanja timaona anthu akumwa makapisozi miyezi, chikhalirecho ndi likodzo. Nalonso limapweteka pokodza, makamaka mukaona timagazi kumapeto kwa mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, Bactrim sachitapo kanthu. Akayeze zonse ziwiri.

Wofunsa, wa ku Ndirande:
Zikomo nonse. Magazi sindinawaone, koma akakhala kumudzi amachapa kudambo, ndikanena zimenezo. Ndiye ndidikire Lolemba, poti ndi pomwe ndingapemphe kuchoka kuntchito?

Namwino wopuma pantchito, Zomba:
Mwanawe, Lolemba ndi kutali. Mawu ako oti agwira kumsana cham'nthiti ndiponso sakudya andiopsa. Tizilombo tikachoka kuchikhodzodzo timakwera ku impso, ndipo kwa munthu wamkulu sitichedwa kulowa m'magazi. Uwakhudze pamphumi. Ngati thupi latentha, akunjenjemera, akusanza kapena akuyankhula zosokonekera, pita nawo lero lomwe, ngakhale usiku.

Wina angakuuze za nitrofurantoin. Ndi zoona amagwirabe ntchito kwa ambiri pa matenda a chikhodzodzo, koma ku impso safika mokwanira, ndiye usakagule pawekha. Tenga buku lawo la kuchipatala ndi timapaketi tonse ta mankhwala amene amwa, adokotala aone okha kuti asawapatsenso omwewo. Uwapemphenso ayeze shuga, chifukwa matenda a mkodzo obwerezabwereza pa msinkhu umenewu nthawi zina amayendera limodzi ndi shuga. Madzi azimwa pafupipafupi popita kumeneko, ndipo mukabwerako utiuze zimene apeza.